Tiketi ya pamsika ija, ndalama yake imathera kuti?

Alamu anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wina muno mtauni, dzina la msikawo ngakhale la mzinda sinditchula chifukwa sindikufuna mawa akawalande benchi. Dzulo ndinapita kwawo kukatenga poto wathu amene anabwereka pa chinkhoswe, nde ndawapeza akusesa mnyumba atatulutsa kakatoni ka nsapato kodzadza ndi matiketi a msonkho wa pamsika, ena anachita kufufutika osaonekanso zolemba. Ndikuti alamu zimenezi mukusungiranji, osangoyatsira mbaula bwanji? Iwo akuti ayi alamu, anthu aja sachedwa kukutembenukira, tsiku lina adzati simunalipire ndiye ndidzawatulutsira. Ndinaseka pamenepo koma nditafika kunyumba nkhani ija inandikhala pamtima. Mayi wogulitsa tomato akusunga umboni woti analipira, koma a khonsolo olandira ndalamawo palibe anawafunsapo umboni wa komwe inapita.

Wotolera msonkho uja sajomba abale. Kugwe mvula, kukhale maliro, saa ya mmawa wafika kale ndi kabuku kake usanagulitse ngakhale mulu umodzi, ndipo ukati dikirani ndigulitse kaye nkhope imasintha. Koma kuseri kwa msika komweko bini ya zinyalala inadzadza kalekale mpaka zinyalala zinayamba mudzi wake pambali, makoko a nthochi, masamba a kabichi owola, mamba a nsomba, majumbo, matewera a ana, ntchentche zake zobiriwira zija zonenepa ngati zikulandira malipiro. Lole yodzatenga imabwera mwa apo ndi apo, ukafunsa akuti yawonongeka kapena mafuta kulibe. Chimbudzi chilipo koma nachonso umalipira pakhomo, madzi ake ndi a mu chigubu. Nde funso langa ndi lomweli, tiketi ija imagula chani kwenikweni?

Tiyeni tingoyerekeza, manambala awa ndangotenga pamutu kuti tiwerengere limodzi. Tinene msika uli ndi ogulitsa 1,000 ndipo aliyense akupereka K300 patsiku, imeneyo ndi K300,000 tsiku limodzi, masiku 26 pamwezi ndi K7.8 miliyoni. Msika umodzi umenewo. Ndikudziwa pamenepo pali malipiro a alonda, osesa, otolera omwewo, sindikukana. Koma mafuta a lole imodzi kubwera kawiri pa sabata angakanike pamenepo zoona? Ngati akukanikadi atiuze, atilembere, tione tokha kuti zakanika apa.

Ndisanapitirire ndiyambe ndawateteza pang'ono a khonsolo, chifukwa ife a mtauni timawatukwanira ndi zosawakhudza zomwe. Madzi akasiya kutuluka pampopi si iwo, amenewo ndi a Water Board. Magetsi akathima ndi ESCOM. Misewu ikuluikulu ngati M1 ili mmanja mwa Roads Authority. Za khonsolo ndi izi timaziponda tsiku ndi tsikuzi, zinyalala, ngalande, timisewu ta mmakwalala, magetsi a mumsewu, misika, madepoti, zimbudzi za aliyense, manda, ozimitsa moto, malaisensi a bizinesi, kuyendera malo odyera ndi ophera nyama, komanso kuvomereza mapulani a nyumba kuti munthu asamange pamsewu kapena mu mtsinje. Mukaona bwinobwino ndi ntchito zopanda ulemerero, palibe amavina kapena kudula riboni chifukwa ngalande yakumbidwa. Ndipo ine ndikuona kuti vuto lagona pomwepo, ntchito yeniyeni ya khonsolo ndi yonunkha, siioneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lino linakhalapo zaka 9 lopanda khansala ngakhale mmodzi. Lamulo la maboma ang'ono linabwera mu 1998 ndi mfundo ija ankati mphamvu ku anthu, tinavotera makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 zisankho zinangoti zii, kuimikaimika mpaka pa 20 May 2014 pomwe tinavota patatu koyamba. Zaka zonsezo makhonsolo ankayendetsedwa ndi mabwana a mmaofesi okha popanda munthu wosankhidwa wowayang'ana pa phewa. Chizolowezi chimenecho sichitha msanga. Pamwamba pa izo mu 2010 anasintha lamulo lija kuti bwana mkubwa wa khonsolo azisankhidwa ndi nduna, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo akhale ndi voti mu khonsolo. Nde taganizani, khansala amene inu munamuvotera akufuna kufunsa za ndalama, koma amene wagwira cheke sanalembedwe ntchito ndi iyeyo, amayang'ana ku Capital Hill. Meya nayenso sitimusankha ife, amasankhana okhaokha makhansala, zaka ziwiri ndi theka wina alowe, nde kampeni yake imachitikira kuchipinda osati pamsika.

Za CDF ndiye musanene. Ndalama yoti ndi ya chitukuko cha dera, imadutsa mu akaunti ya khonsolo koma kwa zaka zambiri aliyense amadziwa kuti mwini mawu ndi phungu, mlatho ukamangidwa dzina lolembedwa ndi lake, ukagwa mvula yoyamba mlandu ndi wa khonsolo. Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuvota mu khonsolo komanso kulamulira thumba limeneli ndi kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo mmene aphungu a zipani zonse anagwirizanirana kudandaula, anthu oti pa china chilichonse samwerana madzi, zinandiuza zambiri kkkk.

Koma ifenso tisadziyeretse. Pa 16 September 2025 tinapatsidwa mapepala atatu, mawodi 509 dziko lonse. Ndifunse, ndi angati amene mukuwerenga pano mungatchule dzina la khansala wa wodi yanu osafunsa neba? Ambiri tinangoyang'ana chizindikiro cha chipani nkuchonga, pepala lachitatu lija timaliona ngati basera. Ndipo tikamudziwa khansalayo timamufuna pa maliro, agule bokosi, apereke galimoto, athandize fizi ya mwana. Munthu akatha zaka zisanu akugula mabokosi ndalama yake ibwerera bwanji, mwaganizapo? Ife tomwe ndi amene timamuphunzitsa kuti ntchito yake si kuwerenga bajeti.

Nkhani ya ndalama ndiyovuta mbali zonse, apa ndinene chilungamo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe, 800,000 ku Blantyre, 220,000 ku Mzuzu ndi 105,000 ku Zomba, ndipo pano achuluka kuposa apo, tsiku lililonse basi ikutsitsa wina ndi chikwama chake kudzasaka ganyu. Ambiri mwa ife tikukhala malo oti sanapimidwe, kopanda msewu woti lole ya zinyalala ingalowe ngakhale itakhalapo, galimoto ya ozimitsa moto kufika pamenepo imangoima kumsewu kuonerera utsi. Ndalama yaikulu ya khonsolo ya mzinda imayenera kuchokera ku city rates, msonkho wa nyumba ndi malo, koma buku lowerengera nyumba lija limene limayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse limatha zaka likugona, nyumba zatsopano zambirimbiri mulibemo. Ndipo amene ali ndi ngongole zikuluzikulu za rates si alamu anga ayi, ndi eni nyumba zosanja, makampani, ngakhale maofesi a boma lenilenilo. Kuonjezera apo ndalama yochokera ku boma imabwera mochedwa komanso yoperewera, kwacha nayo anaigwetsa ndi 44% mu November 2023, bajeti yomwe munapanga ya matayala a lole basi yasanduka ya tayala limodzi.

Nde chimene chimandiwawa ndi ichi, wosavuta kumugwira ndi amene amalipira mokhulupirika. Mayi wa tomato sangathawe, katundu wake ali poyera, akakana amulanda dengu. Bwana wa nyumba yosanja amangoimba foni, kapena kukatenga chiletso ku khoti, nkhani yagona. Ku Mzuzu zaka zapitazo anayesapo kuyenda nyumba ndi nyumba kulemba zonse mu kaundula watsopano ndipo ndalama yotolera inakwera kwambiri, kusonyeza kuti nzotheka, sizofuna mankhwala. Ndipo inde, zikatero enafe amene tinamanga katauni hausi kathu mwakachetechete bilu idzatipeza. Walira mvula walira matope, ine ndalipira bola ndione lole.

Pa kagwiritsidwe ntchito ndiye pamene ndimasiyana nawo kwambiri akuluakuluwa. Ndalama zikachepa pakhomo mayi wanzeru amayamba ufa, mchere ndi sopo, makatani amadikira. Koma makhonsolo athu kawirikawiri amayamba makatani. Galimoto ya bwana ikhale yatsopano, wekishopu yokambirana za ukhondo wa mu mzinda ikachitikire kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi komwe kuli alawansi yogona, ulendo wokaphunzira mmene anzathu akunja amasamalira zinyalala ngati kuti sitidziwa kuti chinyalala chimafuna kunyamulidwa basi. Maluwa pa raundabauti ndi okongola sindikana, inenso ndimajambulitsapo, kupenta miyala ya mmbali mwa msewu kukamabwera alendo nakonso kwabwino, koma msewu umene umadutsa apulezidenti ndi umene umasesedwa, wa kwathu ngalande inatsekeka ndi mchenga ndi mabotolo chaka chachitatu tsopano.

Ndipo zinyalala si nkhani ya kukongola chabe. Kolera ija inayamba mu March 2022 inatenga anthu oposa 1,700, mpaka mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Matenda a mmidzi tinkatero kale, koma anatipeza mtauni momwe muno chifukwa cha zimbudzi zosefukira, zitsime zoyandikana ndi dzala, misika yopanda madzi. Pitani mukaime pa mlatho wa Mudi kapena wa mtsinje wa Lilongwe mununkhize nokha, kumunsi kwake anthu akuchapa ndi kuthirira ndiwo zomwe tikugula. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi mmbali mwa phiri la Soche, anthu anamanga motsetsereka muja osati chifukwa chokonda imfa koma malo opimidwa otsika mtengo kulibe, ndipo nyumbazo sizinamere usiku umodzi, zinkamangidwa masana aliyense akuona. Ndalama yopima mapuloti, yokumba ngalande, yolipira woyendera zomangamanga amene salandira ya fanta, imeneyo ndi ndalama yopulumutsa moyo ngakhale ilibe riboni.

Za mavenda ndingodutsapo. Kuyambira Operation Dongosolo ya mu 2006 mpaka lero sewero lake ndi lomwelo, kuthamangitsana, utsi wokhetsa misozi, kulanda katundu, pakatha sabata ziwiri onse abwerera pamalo pomwepo. Mafuta ndi maalawansi a opareshoni zimenezi bwenzi atamangira mashedi angati? Munthu sangakakhale mu msika umene kasitomala safikako, wopanda denga, wopanda chimbudzi, pomwe mabenchi abwino a kutsogolo anagawana anthu a chipani.

Chimene ndikupempha ine ndi chaching'ono mpaka ndikuchita nacho manyazi. Pakhomo pa msika uliwonse pakhale bolodi, ngakhale ya choko ngati ya ku pulaimale. Mwezi uno tatolera zakuti, alonda ndi osesa zakuti, mafuta a lole zakuti, zapita ku ofesi yaikulu zakuti. Basi. Ku tchalitchi kwathu msungichuma amawerenga chopereka sabata iliyonse mpaka K50 yomwe, banki mkhonde ya amayi a mdera lathu buku lake aliyense amaliona ndipo ikasowa K500 sipagonedwa, nde khonsolo yokhala ndi maakauntanti a madigiri chingaikanike ndi chani? Ndipo gawo lina la ndalama yotoleredwa pamsika lizitsala pamsika pomwepo, komiti ya ogulitsa izisainira nawo. Mukatero simudzafunanso kukangana ndi munthu pa tiketi, anthu sakana kulipira chinthu chimene akuchiona, onani mmene amasonkherana okha kulipira anyamata a wilibala kuti awachotsere zinyalala, kulipira kawiri ntchito imodzi.

Lamulo lotilola kufunsa zimenezi lilipo kale, la Access to Information lija linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo misonkhano ya khonsolo yonse munthu wamba amaloledwa kukakhala kumbuyo nkumamvetsera. Ine ndivomere, zaka zonsezi ndakhala mtauni sindinapiteko ngakhale kamodzi, ndimangolalata pa gulupu ya WhatsApp ya mdera ngati anzanga, kandimverere weniweni. Chaka cha boma chimayamba pa 1 April masiku ano, kutanthauza kuti bajeti amaikonza miyezi ya mvula, nthawi imene ife timakhala kalikiliki kuchotsa madzi mnyumba ndi ndowa.

Ndawauza alamu kuti katoni ija asataye ndipo andibwereke Lolemba. Ndikufuna ndiwerenge matiketi onse aja ndiphatikize, ndilembe kalata imodzi yokhala ndi nambala imeneyo pamwamba, ndikapereke ku ofesi ndi kope kwa khansala wathu, amene dzina lake ndachita kufunsa kwa wa kabaza mmawa uno. Alamu akuti chonde musalembepo dzina langa kapena nambala ya benchi, ndawalonjeza. Amene muli ndi achibale ogulitsa mmisika ina afunseni ngati nawonso amasunga matiketi, komanso andiuze lole inabwera liti komaliza.