Kalembera wa nyama zakutchire: Malawi ndi Zambia amawerengera zolinga zosiyana

Zida zake n'zofanana mbali zonse za malire: ndege, GPS, ndi alonda oyenda pansi amene amalemba nyama zomwe aona, mapazi, misampha ya waya ndi mitembo mu pulogalamu ya pakompyuta monga SMART. Chosiyana ndi ntchito imene chiwerengerocho chimagwira.

Ku Zambia mapaki azunguliridwa ndi ma GMA, madera omwe anthu amakhalamo koma kusaka kolipira n'kololedwa, monga Lupande pafupi ndi paki ya South Luangwa. Kumeneko zolemba za alonda a m'midzi, pamodzi ndi za alenje zonena kukula kwa nyanga ndi masiku amene anatha akufunafuna nyama, zimathandiza boma kukhazikitsa chiwerengero cha njati kapena akambuku oti aphedwe chaka chimenecho. Gawo la ndalama limapita ku makomiti a m'deralo. Vuto lili poyera: amene akuwerenga ndiye amapindula chiwerengero chikakwera. N'chifukwa chake nyanga zikamachepa kukula chaka ndi chaka, odziwa amakhulupirira nyangazo kuposa kabuku.

Kuno kwathu mapaki ngati Liwonde ndi Majete ndi aang'ono komanso otchingidwa ndi mpanda, choncho amatha kuwerengedwa onse pandege. Funso limakhala loti malo akukwanabe? Malo atachepa, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022.

Malo aakulu ngati chigwa cha Luangwa sungawamalize. Ndege imauluka m'mizere pafupifupi mamita 90 kuchokera pansi, anthu awiri kumbuyo n'kumawerenga nyama zokhazo zooneka pakati pa timitengo tomangidwa kuphiko, kenako masamu amafalitsa chiwerengerocho pa dera lonse. Nthawi yake ndi chilimwe, masamba atayoyoka. Ukachedwa mpaka mitengo itaphukira, njovu imabisala pansi pa mombo ngati kalulu. Woyendetsa akakwera pang'ono, mzere umakula ndipo nyama zimachuluka papepala.

Misampha nayo imanamiza. Imapezeka yambiri komwe alonda amayenda kawirikawiri, motero popanda kulemba makilomita oyendedwa, chiwerengero chake chilibe tanthauzo.

Povuta kwenikweni ndi pakati pa paki ya Kasungu kuno ndi ya Lukusuzi ku Zambia. Njovu sizidziwa malire, ndipo mbali ziwirizi zikauluka masabata osiyana, gulu limodzi limalembedwa kawiri kapena kuphonyedwa konse. Pangano la 2015 losamalira limodzi malo a m'malirewa linapereka mpata wouluka nthawi imodzi, ndipo malamba a GPS m'khosi mwa njovu zina amasonyeza tsiku limene gulu lawoloka.