Alamu anga akalambira pa giredi M

Lachinayi ndinadutsira pa Kasungu boma kuti ndiwatenge alamu anga tikwerere limodzi. Ndinawapeza asanatseke ofesi, dzuwa litapendeka kale, ali ndi bambo wina wachikulire wa ku Chamama amene anabwera pa kabaza, mapepala atawakulunga m'jumbo ya shuga. Mkuluyo ndi msilikali wopuma, mmodzi mwa amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Dzina la pa chitupa cha unzika likusiyana ndi la pa mapepala a usilikali ndi chilembo chimodzi chokha, basi penshoni ikuvuta. Alamu anawerenga pepala lililonse, kuimba mafoni ndi mayunitsi awo, kenako n'kuti, "Bambo, musabwerenso pachabe, ndikuimbirani ineyo."

Alamuwa, amene amathandiza asilikali opuma ndi mabanja awo pa nkhani za mapepala, analowa m'boma ngati kalaliki pa giredi M. Chino ndi chaka cha 14, akadali pa M pomwepo.

Kwa amene simudziwa za m'boma, zilembozi zimayenda chobwerera. Kuchoka pa M umalakalaka K, ndipo amene ali ndi digiri amayambira pa I. Kuti ukwere pamafunika mpando wopanda munthu, aulengeze, uitanidwe ku intavyu, upambane. Ndondomekoyi payokha sindikuinyoza ayi, imateteza kuti bwana asangokweza mphwake. Koma taonani chimene imayeza: satifiketi ndi mayankho a mphindi makumi awiri. Ndani amafunsa kuti mwathandiza amasiye angati a asilikali kupeza ndalama za amuna awo? Ndani amalemba kuti munthuyu amatha kukhazika mtima pansi sajeni wopuma amene anazolowera kulamula, lero akuuzidwa kuti adikire pa benchi?

Ntchito imeneyi imafuna mutu. Muli agogo a KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amene anakamenya nkhondo ku Burma, yomwe inatha mu 1945. Ambiri anatisiya, koma akazi awo ena alipo, ndipo mapepala awo ndi a nthawi ya atsamunda, ena chiswe chinalawapo. Muli a Operation Bwezani ya mu 1993, pamene asilikali analanda zida a Payoniya. Muli anyamata a posachedwapa amene anabwera ku DRC ali ndi zilonda, zina za m'thupi zina za m'maganizo. Aliyense nkhani yake, aliyense kalankhulidwe kake. Zimenezi sungaziphunzire pa semina ya masiku atatu kunyanja, komwe, ndingonena, amapitako ndi omwe ali pafupi ndi kulikulu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Tiyerekeze mawa alamu apambana intavyu. Kukwezedwako kubwera ndi kalata yowasamutsa, mwina ku Nsanje, mwina ku dipatimenti ina komwe sadzaonanso msilikali. Pa desiki paja padzakhala mwana watsopano, ndipo bambo a ku Chamama adzayambiranso kufotokoza kuyambira pachiyambi. Ndiye munthu wodziwa ntchito ali ndi njira ziwiri: akhale pomwepo asauke, kapena akwere asiye anthu ake. Ine ndikuti boma lingathe kukweza giredi ya munthu ali pa mpando womwewo. Akhale K, akhale I, koma azionabe mafayilo omwewo.

Ena muti apite kusukulu. Anayamba, dipuloma ya kumapeto kwa sabata ku Lilongwe, anaisiyira panjira. Malipiro a M ugawe lendi, fizi ya ana atatu, feteleza, kenako thiransipoti ya pa M1 sabata iliyonse? Ngongole ya ku SACCO inatha asanafike chaka chachiwiri.

Novembala aliyense timavala timaluwa tofiira tija pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, a VELOM, bungwe la asilikali opuma, akusonkhetsa thandizo, akuluakulu akuika nkhata pa chipilala ku Zomba ndi ku Area 18 ku Lilongwe. N'zabwino, ine ndimagulanso kanga. Koma mwezi ukatha, msilikali wopuma sakumana ndi nduna, amakumana ndi kalaliki.

Tili m'minibasi ndinawafunsa alamu ngati chaka chino pali chiyembekezo. Anangoseka. "Achimwene, ndatsala ndi zaka 19 kuti ndifike 60. Mwina fayilo yanga idzapeza munthu woiwerenga." Foni yawo inalira, anali mwana wa bambo aja, kufunsa ngati afika bwino pa siteji.