Phiri la Axial liziyang'aniridwabe

Ndawerenga nkhani ya phiri lophulika la Axial Seamount, lomwe lili pansi pa nyanja ya Pacific, makilomita pafupifupi 480 kuchokera kugombe la Oregon ku America. Wina pothirira ndemanga wati n'kuwononga ndalama kuyang'anira phiri loti silingaphe munthu. Achimwene, pamenepo sindikugwirizana nanu.

Phirili linaphulika mu 1998, 2011 ndi 2015. Zida zimene anaika pansipo zimaonetsa kuti chiphalaphala chamoto chikamadzaza m'kati, nthaka imafufuma pang'onopang'ono ngati ufa wa mandasi wothira isiti, ndipo likaphulika imaphwa. Mu 2015 inatsika mamita oposa 2. Akatswiri awiri, Bill Chadwick ndi Scott Nooner, ananeneratu kuti liphulika chaka chimenecho, ndipo mu Epulo linaphulikadi. Akanangopitako kamodzi pa sitima n'kubwerera, akanadziwa bwanji? Zoterezi zimafuna kuyeza kwa zaka zambiri mosadukiza.

Chimene chimandigwira mtima ndi chingwe chomwe anayala mu 2014, chotumiza zonse kumtunda usana ndi usiku, ngakhale zithunzi za akasupe otentha komwe tizilombo timakhala mumdima wa ndiweyani osadalira dzuwa. Ndimaganiziranso anthu a mumzinda wa Goma ku DR Congo, omwe amagona m'munsi mwa phiri lophulika la Nyiragongo. Luso lodziwiratu kuphulika likakhwima, iwowa ndi amene lidzawapulumutse.