Tinaombera m'manja Lester, nanga Carolyn anamumvera chisoni ndani?

Filimu ya American Beauty itatuluka mu 1999, anthu anaikonda kwambiri moti inapeza ndalama zoposa madola 350 miliyoni, pomwe kuipanga kunangodya pafupifupi 15 miliyoni. Mu 2000 inatenga mphoto zisanu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse, ya wotsogolera Sam Mendes, ya wolemba Alan Ball ndi ya Kevin Spacey, amene anasewera ngati Lester. Annette Bening, amene anasewera ngati Carolyn, mkazi wa Lester, anali pamndandanda wa opikisana koma anabwerako chimanjamanja, mphoto inapita kwa Hilary Swank. Mphotoyo ndilibe nayo mlandu. Chimene chimandiwawa n'choti ngakhale owonera wamba, mayi ameneyu sanamuone bwino.

Kwa inu amene simunaionere: Lester Burnham ndi bambo wa zaka 42 wa ku America. Ali ndi nyumba yabwino m'dera labata kunja kwa mzinda, maluwa ofiira pakhomo, mkazi wake Carolyn ndi mwana mmodzi, Jane. Koma moyo wamukwana. Akusiya ntchito ya ku magazini ataopseza bwana wake kuti aulula zinsinsi ngati sapatsidwa ndalama, akuyamba kusuta chamba ndi kunyamula zitsulo, akukalowa ntchito yogulitsa mabaga, kenako akugula galimoto ya Pontiac Firebird ya 1970 osafunsa mkazi wake. Ndipo chamudzutsa kutulo n'chiyani? Chilakolako pa Angela, mtsikana wa sukulu, mnzake wa mwana wake.

Ambiri anatuluka m'nyumba zoonetsera mafilimu akumutenga Lester ngati munthu amene wadula maunyolo. Carolyn ankamuona ngati mkazi wovuta, wokonda chuma, wolongolola. Pamalo pomwe Lester akufuna kumugwiragwira pampando, iye n'kudandaula kuti mowa utayikira pa sofa ya madola 4,000, anthu amati onani, mkazi uyu katundu ndiye mulungu wake.

Ine ndikuti bwererani pamalo ena. Carolyn amagulitsa nyumba. Tsiku lina akufika m'mawa panyumba yomwe akufuna kugulitsa, akuvula diresi kuti lisade, akukolopa, akupukuta mawindo yekhayekha, akusekerera aliyense wobwera kudzaona. Dzuwa likulowa palibe wogula. Akutseka makatani n'kuyamba kulira, kenako akudzimenya mbama kumaso, akudzikalipira kuti asiye kufooka. Alipo amene amaseka pamenepa. Ine sindimaseka. Ameneyu ndi munthu amene anakula movutika, monga mwini wake amauzira Jane, ndipo ali ndi mantha kuti akangopumula pang'ono zonse zigwa. Mwamuna akasiya ntchito kuti akasangalatse mtima wake, nyumba ija amaisamala ndani? Chibwenzi chake ndi Buddy Kane, wogulitsa nyumba mnzake, sindikuchivomereza, analakwa. Koma n'chifukwa chiyani kulakwa kwa bambo timakutcha ufulu, kwa mayi n'kukutcha khalidwe loipa? Onse awiri anali osungulumwa m'nyumba imodzi.

Owonera sindingawaimbe mlandu wonse, chifukwa filimuyi inakonzedwa kuti tiime kumbali ya Lester. Ndi iye amene akutifotokozera nkhani, ndipo akutiuza poyambirira pomwe kuti chaka chisanathe adzakhala atafa. Munthu woti afa timamukhululukira msanga. Komanso Conrad Hall, amene anajambula, n'kutenga Oscar yachisanu ija, anali katswiri. Maloto a Lester okhudza Angela anawaveka maluwa ofiira okongola, moti maso amaiwala kuti akuona bambo wamkulu akusirira mwana. Luso limatha kuphimba chinthu chonyansa, ndipo pano linaphimbadi.

Masiku ano mphepo inatembenuka. Kuyambira mu 2017, pamene Anthony Rapp ndi anthu ena anayamba kunena kuti Spacey anawachitira zachipongwe, ambiri sakufunanso kuiona filimuyi, ngakhale kuti makhoti a ku New York mu 2022 ndi ku London mu 2023 sanamupeze wolakwa. Ena amati, chichitikire mavuto a zachuma a 2008 pamene mabanja ambirimbiri ku America analandidwa nyumba, n'kovuta kumvera chisoni munthu amene akudandaula ali ndi nyumba ndi ntchito. Amati awa ndi mavuto a anthu okhuta.

Apa sindikugwirizana nawo kwenikweni. Banja lodyera patebulo limodzi koma osalankhulana, vuto lake ndi lenileni, kaya m'nyumbamo muli ndalama kaya mulibe. Taonani khomo loyandikana nalo la a Fitts: bambo, Frank, msilikali wopuma, amamenya mwana wake Ricky pobisa zomwe zikumuvuta iye mwini, ndipo mayi, Barbara, anangokhala chete ngati munthu amene mzimu unachoka kale, akupepesa mlendo kuti m'nyumba simuli bwino pomwe muli mbee. Zimenezi filimuyi inaziona molondola, ndipo n'chifukwa chake sindingaitaye. Koma nkhani ya Lester ndi Angela sinayambe kuipa mu 2017. Inali yoipa kale mu 1999, pomwe anthu ankaombera m'manja. Sitinafunikire kumva za moyo wa wosewera kuti tione zomwe zinali pamaso pathu.

Amene amamuteteza Lester amakumbutsa kuti pamapeto anadziletsa, Angela atamuuza kuti sanagonepo ndi mwamuna. Zoona, anamufunditsa n'kumupatsa chakudya ngati kholo. Koma bambo wa zaka 42 achite kuuzidwa ndi mwana kuti uyu ndi mwana? Jane yekha anali ataona kalekale mmene bambo ake ankamuyang'anira mnzake uja, ndipo manyazi ake anawasenza yekha, popanda womufunsa. Amayi ake anali otanganidwa ndi mantha awo, bambo ake ndi thupi lawo. Funso loti kodi Jane ndi wokondwa kapena akuvutika, Lester akulifunsa patangotsala mphindi zochepa kuti Frank Fitts amuombere ndi mfuti, ndipo sakufunsa Jane. Akufunsa Angela.