Anzathu a ku Lusaka, "t" wa Dalitso mukumutaya kuti?

Mayina a ana timagawana bwino ndi anzathu a ku Zambia. Chisomo, Chikondi, Mphatso ndi Dalitso ali mbali zonse ziwiri za chipata cha Mwami, ndipo Dalitso ndiye wachuluka zedi: mukaima pakhomo la sukulu yamkaka n'kuitana, theka la kalasi litembenuka. Koma dzina limeneli likangopitirira Chipata kulowera ku Lusaka, limakafika litaguluka dzino.

Mlongo wanga anakwatiwa ku Lusaka ndipo posachedwapa wabereka mwana wamwamuna. Atatuluka m'chikuta, amayi ku Mchinji anatumiza dzina: Dalitso. Kenaka pa WhatsApp panabwera chithunzi cha khadi la kusikelo, polembedwa ndi inki yabuluu kuti Daliso. Ndinaimba foni nthawi yomweyo. "Alamu, kodi cholembera chinadwala pakati pa dzina?" Iwo akuseka, amvekere, "Ndiye zina yake iyo, mulamu." Mwamva? Ngakhale mawu oti dzina enieniwo awadula mutu! Ndipo musaone ngati n'zocheza, chifukwa cholembedwa pakhadi ndicho chidzapite kusukulu, kenaka pachitupa chija amati NRC, chimene amatenga akakwana zaka 16. Pofika pamenepo kubwezeretsa chilembo chimodzi kudzafuna malumbiro ndi masitampa.

Ku Lusaka "ts" ndi mdani. Tsiku amati siku, tsitsi amati sisi, Mphatso asanduka Mphaso, Masautso ndiye anakhala Masauso kalekale. Chiyambireni 1935 pamene tauniyi inakhala likulu, Chinyanja chimene chinabwera ndi apolisi ndi anthu ofuna ntchito chakhala chikusakanikirana ndi Chinsenga ndi Chibemba, ndipo m'zinenero zimenezo "ts" mulibe. Zifukwa ndikuzimvetsa, koma mtima sukuvomera. Pitani ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, mukamve anthu a Kalonga Gawa Undi: "ts" amatuluka bwinobwino ngati ku Dedza. Ndiye si Zambia yonse ayi, mlandu ndi wa a m'tauni. Chondipweteka kwambiri n'chakuti katchulidwe kawoko ndiko katchuka kunja. Katswiri wa nthabwala Daliso Chaponda, amene anakhala wachitatu pa Britain's Got Talent mu 2017, ndi Mmalawi mnzathu, koma anabadwira ku Zambia. Azungu onse a ku London adziwa dzinali lopanda "t".

Komabe tisadzitame kwambiri. Dzina la Mabvuto, ku Zambia ambiri akulilembabe ndi "bv" monga ankatchulira agogo athu. Ife, Kamuzu atasintha Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968 ndiponso Chichewa Board itabwera mu 1972, tinachotsa "b" uja n'kutsala ndi Mavuto. Amene anaba nkhuku asamaseke woba mazira. Nanga mayina achizungu amene timawakonda kunoku? Blessings timamuitana Bulesingizi, Gift ndi Gifiti, Grace akabatizidwa ndi "r" koma moyo wake wonse adzakhala Gilesi. Pamenepo alamu anga ali ndi poyambira kundiseka, ndipo amandisekadi.

Pa dzina la Natasha ndiye ndawagonjera kwathunthu. Ku Lusaka ndi ku Kitwe atsikana a dzina limeneli ndi osawerengeka, ndipo kwa Mbemba likutanthauza kuti ndathokoza. Ndi Ndayamika wawo ameneyo. Mtsikanayo akapita kunja palibe amene amapunthwa nalo, akabwerera kumudzi agogo ake amamva Chibemba chenicheni. Ife tinangolitola pa TV poganiza kuti ndi la Azungu, pamene Yamikani wathu akafika ku Johannesburg mabwana amamufupikitsa mmene afunira.

A ku Tete ndi ku Angónia ndiwasiye lero. Kumeneko mwana wa Mchewa weniweni, wodziwa kuvina chisamba, umupeza ndi Esperança, mlongo wake Fernando, ndipo mlandu umenewo tikaimba Apwitikizi.