Tinapita ku Galway ndi amuna anga, ndiye akuti tawononga ndalama

Ndisanagone ndiyambe ndatulutsa zili kukhosi, apo ayi mtima undiphulika usiku uno.

Loweruka lapitali ine ndi amuna anga tinakwanitsa zaka 15 tili pabanja. Lachisanu madzulo tinasiya ana kwa mnzanga wa kutchalitchi, tinakwera sitima pa siteshoni ya Heuston ku Dublin kuno ku Ireland, ndipo patatha maola awiri ndi theka tinali titafika ku Galway, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Kukagona masiku awiri okha basi, Lamulungu n'kubwerera chifukwa Lolemba ntchito ikudikira. M'mawa wa Loweruka ndinaika chithunzi chimodzi pa status ya WhatsApp, titaima pa Spanish Arch, chipata chakale chamiyala cha mu 1584 chimene chili m'mphepete mwa mtsinje wa Corrib. Chithunzi chimodzi. Dzuwa lisanapendeke, pagulu la banja la kwawo kwa amuna anga panagwa uthenga wa alamu anga: "Koma ndiye anthu zikuwayenderatu. Akukaona miyala ya azungu pomwe mayi awo feteleza alibe."

Ndinauwerenga tili patebulo m'kanyumba kena kodyera ku Quay Street, msuzi wa nsomba ukufuka nthunzi patsogolo panga, buledi wakuda uja amakonda anthu a kuno ali pambali. Amuna anga anauwerenganso, anaivundikira foni patebulo, osatulutsa mawu. Munthu amene m'mawa wonse amaseka mano onse poyera, nkhope inagwa pomwepo. Anangoti, "Mayi a ana, tiyeni tizidya." Koma supuni inangouma m'manja mwawo. Msuzi unazizira tikuuyang'ana.

Ndiye ndikufunsa, talakwanji ife? Kodi mwamuna ndi mkazi wake akatuluka masiku awiri pa zaka 15, ndi mlandu?

Ndalama ya feteleza tinatumiza mu September, yokwana matumba anayi, ndipo malisiti ali mufoni muno. Fizi ya ana awiri a alamu omwewo timalipira ndife. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya apongozi anga ku Phalombe mu March 2023, amene anagwira mashifiti owonjezera miyezi itatu yathunthu kuti malata ndi simenti zipezeke ndani? Maliro akachitika, foni yoyamba imalira kuno usiku, bokosi ndi ufa wa pasiwa zimadikira ife. Sindikuwerenga izi kuti wina andiombere m'manja. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwezi wa mawa tidzatumizanso. Ndikudziwa kuti kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 ndipo zinthu kumudzi zakwera zosayamba, zimenezo palibe angandiphunzitse. Koma patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.

Anthu mukaona chithunzi mumangoti kunja n'kokoma. Bwerani mudzaone mmene timakhalira m'nyumba muno. Ine ndimagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ndimalowa 8 koloko usiku, kutuluka 8 koloko m'mawa, usiku wonse kutembenuza anthu pabedi, kuwasambitsa, kuwasintha zofunda, manja atatuwa ndi magulovu. Amuna anga amagwira masana kosungira katundu, tsiku lonse ataimirira. Ndikamafika pakhomo m'mawa iwo anachoka kale. Akamafika madzulo ine ndili pagalasi kumanga tsitsi kuti ndithamangire basi. Timakumana pakhomo mphindi khumi, ndipo mphindi khumizo timakambirana za lendi, za homuweki ya ana, za amene waimba foni kumudzi lero. Pali masabata amene bedi lathu limodzi timaligona mosinthana, ine masana, iwo usiku, osagonapo limodzi ngakhale tsiku limodzi. Ndimadziwa kuti anali m'nyumba chifukwa cha kapu ya tiyi imene asiya pasinki. Limeneli ndi banja kapena ndi anthu awiri ogwira ganyu pakampani imodzi?

Zaka 8 tili m'dziko muno, nyanja ya Atlantic tinali tisanaione. Zaka 8! Tinkadziwa msewu wa kuntchito, wa kutchalitchi, ndi wa kumalo otumizira ndalama. Basi.

Ndipo miyala imene mukuinyozayo, ndikuuzeni zimene inatichitira. Loweruka m'mawa tinayenda pang'onopang'ono kuchokera pa Eyre Square kutsika Shop Street, oimba a m'misewu ali m'makona ndi magitala awo ngakhale kunali kamvula kowaza. Pafupi ndi tchalitchi cha St Nicholas, chomwe chinamangidwa mu 1320 ndipo mpaka lero anthu amapempheramo, panali msika wa Loweruka. Amayi ndi abambo akugulitsa tchizi, uchi, ndiwo zamasamba, zoluka. Amuna anga anaima pa benchi ya mbatata n'kuyamba kufunsa wogulitsa za nthaka ya kumeneko, ngati ali pamsika wa Limbe. Ndinali nditaiwala kuti munthuyu amakonda kucheza ndi anthu osawadziwa. Ndinali nditaiwala ndithu, chifukwa kunyumba amafika atatopa, mawu atatha.

Titaoloka mlatho tinafika ku Claddagh, komwe kale unali mudzi wa asodzi. Mbalame zoyera zazikulu zija amati swan zinali mbwee pamadzi. Mphete yotchuka ya Claddagh dzina lake inatengera pamudzi umenewu: manja awiri atagwira mtima, pamwamba pa mtimawo chisoti chachifumu. Mayi wina wa m'sitolo anatifotokozera kuti manjawo ndi ubwenzi, mtimawo ndi chikondi, chisoticho ndi kukhulupirika, ndipo wapabanja amaivala kudzanja lamanzere mtima utaloza kwa iye mwini. Amuna anga anagula yasiliva, yotsika mtengo pa zonse zinali m'galasimo. Anandiveka panja, pakhonde la sitolo, zala zawo zikunjenjemera ndi kuzizira, chikhatho chokhakhala ndi makatoni a kuntchito. Mphete yathu ya ukwati inandithina nditabereka mwana wachiwiri, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chala changa chinali chopanda kanthu. Anaona, anasunga mumtima zaka zonsezi, osanena. Ndinalira pamsewu anthu akudutsa.

Zimenezo ndiye mukuti kuwononga ndalama?

Madzulo, uthenga uja utabwera kale, ndinawakoka dzanja kuti tisabwerere kuchipinda kukakhala ndwii. Tinayenda mtunda wonse wa m'mbali mwa nyanja ku Salthill, mphepo ikutikankha, mpaka ku Blackrock komwe kuli nsanja yodumphira m'madzi. Anthu a ku Galway ali ndi mwambo wawo: ukafika kumapeto kwa njirayo umamenya khoma ndi phazi kenako n'kutembenuka. Tinamenya nafenso. Pamenepo tinaona agogo awiri, mwamuna ndi mkazi, tsitsi loyera mbuu, akutuluka m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Agogo aamunawo anatenga thaulo n'kuyamba kuwapukuta akazi awo kumsana iwo eni akunjenjemera, kenako anatsegula fulasiki n'kuthira tiyi m'kapu imodzi, kumwa mopatsirana. Tinaima n'kumawayang'ana. Amuna anga anati, "Ife tidzafika pamenepa?" Ndinati tidzafika, koma osati tikamangokumana pakhomo mphindi khumi.

Mukuti feteleza? Banja nalo lili ndi feteleza wake, ndipo likapanda kuthiridwa limachita chikasu n'kufota ngati chimanga cha pamchenga. Ndaona ndi maso angawa mabanja a Amalawi anzathu akutha kuno. Sikuti chikondi panalibe. Anthu anagwira ntchito mpaka kuiwalana, aliyense akuthamangira kukwaniritsa mndandanda wa kwawo, mkazi wa kwawo, mwamuna wa kwawo, pakati pawo osatsala kanthu. Tsiku lina amadzuka n'kupeza kuti akukhala ndi mlendo. Ndipo banja likatha, omwe aja ankaimba foni tsiku ndi tsiku ndi amene amayamba kunena kuti mkaziyo anayamba matama atapita kunja. Palibe amene amati mwina tinawasenzetsa katundu wambiri. Palibe.

Pa tsiku la ukwati wathu ankhoswe anatilangiza kuti tizisamalana, tizipeza nthawi yocheza awiri, tisalole dzuwa kulowa tili chikwiyire. Alamu anga analipo, anavina, anafupa. Lero tachita zomwe tinalangizidwazo, ndiye tasanduka anthu osaganiza. Mukufuna chiyani kwenikweni? Mukufuna banja la achimwene anu likhale lamoyo, kapena mukungofuna foni yawo izilira kuti ndalama yalowa? Chifukwa banja limeneli likagwa, fizi ija igwa nayo, feteleza uja agwa naye. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ndalama imene ndaipeza nditatembenuza anthu usiku wonse msana ukuwawa, ndikafuna kugula nayo tikiti ya sitima kuti ndikakhale ndi mwamuna wanga pamphepete mwa nyanja, sindipempha chilolezo pagulu la WhatsApp. Sindipempha, ndipo sindidzapempha.

Ndipo musandiuze za njala ngati sindiidziwa. Pobwerera kuchokera ku Salthill tinadutsa pamalo okumbukira njala yaikulu ya dziko lino, paki yotchedwa dzina la Celia Griffin, kamtsikana ka zaka 6 kamene kanafa ndi njala ku Galway komweko mu 1847. Njala imeneyo inayamba mu 1845 mbatatesi zitagwidwa matenda, ndipo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso ochuluka chimodzimodzi n'kuthawa pa zombo kupita ku America ndi maiko ena. Amene anapitawo ankatumiza ndalama kumudzi ngati mmene tikuchitira ifemu. Ndinaima pamenepo n'kukumbukira 2002, mmene tinkagonera madeya, mayi anga akunamizira kuti adya kale kuti ife tikhute. Amuna anga anakumbukira zawo. Tinakhala chete nthawi yaitali titagwirana manja. Ndiye munthu andilembere uthenga ngati ndaiwala kumene ndinachokera? Sindinaiwale. Ngakhale pa ulendo wa chisangalalo, kumudzi kunali mumtima mwathu. Koma kukumbukira kwathu sikutanthauza kuti ndizikhala ngati wamangawa moyo wanga wonse, osaseka, osayenda, osaona dziko limene ndikukalambiramo.

Chimene chikundiwawa kwambiri si mawuwo ayi. Ndi nkhope ya amuna anga. Lamulungu m'mawa tinapita kukapemphera ku Galway Cathedral, tchalitchi chachikulu cha denga lobiriwira chimene chinatsegulidwa mu 1965 pamalo pomwe kale panali ndende. Pakati pa mapemphero ndinawaona akutulutsa foni mwakabisira n'kuyamba kuwerengera ngati angatumize kenakake kuti anthu asiye kulankhula. Munthu wagwira ntchito chaka chonse, wapatsidwa masiku awiri, ndipo tsiku limodzi mwa awiriwo walithera kudziimba mlandu. Mwatibera tsiku. Ndalama tingapeze zina, koma Loweruka limenelo la zaka 15 silidzabweranso.

Ndipo inu anzanga amene muli kuno, amene mumabisa zithunzi, mumatseka status kuti achibale asaone, mumapita ku Cork kapena ku Kilkenny mobisa ngati mukukaba, mpaka liti? Ine ndatopa nazo zobisala. Munthu wabereka ana, walera achibale, wamanga nyumba kumudzi, koma aziopa kuonetsa kuti anakadya msuzi wa nsomba ndi mkazi wake? Chithunzi changa sindichotsa. Ndiikanso china, cha mphete.

Komanso pali nkhani ina imene sindiisiya. Ine apongozi anga ndinawaimbira Lolemba m'mawa nditangoweruka. Mayi aja alibe foni ya WhatsApp, ali ndi kafoni ka mabatani, ndiye wina anachita kunyamuka kupita nacho chithunzicho pakhomo pawo kukawaonetsa, n'kuwauza kuti mwana wawo wawataya. Gogo wa zaka zoposa 70, wa BP, usiku wonse osagona. Nditawafunsa za feteleza anati alandira thumba limodzi. Limodzi. Ife tinatumiza ya matumba anayi, ndipo amene anakatenga ndalamayo kwa ajenti tonse pagulu lija tikumudziwa. Ndafunsa pagulu pomwepo dzulo masana kuti atatu enawo ali kuti. Onse awerenga, timizere tabuluu tili pomwepo, mpaka pano palibe wayankha.