Mwawadumpha Asan, a mtolankhani

A mtolankhani, mwalemba kuti ife Amalawi a kuno ku Joni tizitengera ana ku Lesedi Cultural Village akaone miyambo ya eni dziko. Sindikutsutsa. Kumeneko kuli midzi ya Azulu, Axhosa, Apedi, Abasotho ndi Andebele, ndipo Mngoni akaona zishango zija mtima umagunda, poti gulu la Zwangendaba linachokera mbali zomwezino lisanawoloke Zambezi mu 1835. Koma mwawadumpha anthu amene anali kale m'dziko muno onsewa asanafike, Asan ndi Akhoe.

Pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein pali Origins Centre, nyumba yoonetsera mbiri ya chiyambi cha anthu ndi zojambula za Asan pamiyala, inatsegulidwa mu 2006, ndipo sipafunika kubwereka galimoto, takisi ikusiyani pafupi. Ine ndinapita ndi mwana wa mchemwali wanga, wobadwira ku Rosettenville, Chichewa chake chokokakoka. Anakakamira pa zojambula za ntchefu, kufunsa chifukwa chake nyama imodzimodziyo ikubwerabwera. Kwa Asan ntchefu inali nyama yamphamvu zauzimu, yogwirizana ndi gule wawo wochiritsira odwala.

Nditamuuza kuti ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, anati amalume mukunama. Bungwe la UNESCO linazindikira malowa ngati chuma cha dziko lonse lapansi chaka chomwecho cha 2006.

Inu amene mukukwera basi kupita kumudzi Disembala uno, ana musangowazunguza m'nyumba za achibale. Afikitseni ku Chongoni, ndalama zikalola mutsetserekere nawo ku Kungoni ku Mua akaone zigoba za Gule Wamkulu.